Njelwa Yotsala

Amuna anga anamwalila ku Kalindawalo boma la Chitaganya litangoyamba, nasiya njelwa zowotcha. Ana anga, Abednego ndi Vitalis, anaziwelenga: sauzande ndi naini. Atagawana awili, inatsala imodzi. Mlongo wawo Keziah atalowelela, inatsalanso imodzi.

"Ndi ya wamkulu," anatelo Abednego.

"Ukulu wa mimba, achimwene?" anatelo Keziah.

Anaitana a Eustace, aphunzitsi a ku Nyimba. Iwo analemba pansi mpaka thukuta. "Amai, nambala iyi sigawika. Imangolola imodzi, kapena iyo yokha."

"Yatengela apongozi anga," ndinatelo.

Tsopano ana anga amabwela Sabata lililonse kudzakangana, aliyense ndi nkhuku yondinyengelela. Njelwa yotsalayo ndinawonjezapo ndine. Akadagawana bwino, ndani akadapondanso pakhomo pano?