Chitseko cha kwa Rosalina

"Tsekani chitseko, achemwali, amuna akudutsa," anatero Mwanamvua uku akuvula mpango kumutu.

Rosalina anakankha chitseko cha nsungwi chija nachigwiriziza ndi musi. Kanyumba kake kanali m'mphepete mwa njira yopita kumzikiti, kumapeto kwa mudzi wina kufupi ndi Namwera, ndipo kanalibe zenera. Amene anakamanga ankafuna kusungiramo fodya, osati munthu. Kuwala kunkalowera pa mpata wa pansi pa denga basi.

Awa, mnzake wa Mwanamvua, anali atatambalala kale pamphasa, chitenje chili m'maondo. Rosalina anatsegula chitini cha mabisiketi m'mene ankasungamo timabotolo ta utoto wa zikhadabo, nasankha kofiira. Atangotsegula kabotoloko, fungo linadzaza nyumba yonse.

"Hii, fungo ili lingagwetse mbuzi!" anatero Awa atatsina mphuno.

"Walira mvula walira matope," anayankha Mwanamvua. "Ukufuna kukongola kapena ukufuna kupuma? Sankha chimodzi."

Onse atatu anaseka. Rosalina sanamve mawu onse, koma kuseka sikufuna womasulira. Anatenga dzanja la Mwanamvua nalikhazika pabondo pake. Linali dzanja lofunda, lokhakhala ndi khasu, ndipo analigwira nthawi yaitali kuposa m'mene ntchitoyo inkafunira.

Rosalina anafika m'mudzimo mu 1987, pothawa nkhondo ku Cuamba. Mwamuna wake, Eduardo, ankagwira ntchito ya njanji. Tsiku lina anapita ku ntchito m'mawa, sanabwerenso mpaka lero. Anthu ena pothawa ankasenza miphika ndi mabulangete, koma iye anatola chitini cha kuntchito kwake, kumene ankakonza tsitsi ndi zikhadabo za akazi a m'tauni. Chifukwa chake sankachidziwa ngakhale mwini wake. Mantha safunsa kuti chofunika n'chiti.

Othawa nkhondo anzake ambiri anali a ku Mandimba, kungodutsa malire pomwepa. Ankayankhula Chiyao, ndipo aliyense anali ndi malume kapena msuweni womulandira. Rosalina ankadziwa Chimakua ndi Chipwitikizi, Chichewa chongotola m'njira. Pamzere wolandira ufa ndi nandolo ankaima ngati chitsa, anthu akucheza momudumpha. Masiku ena dzuwa linkatuluka ndi kulowa asanatsegule pakamwa, moti ankatsokomola dala kuti amve ngati mawu akadalimo.

Amene anamupeza ndi Mwanamvua. Tsiku lina pachitsime anaona zikhadabo za Rosalina zili psuu, nazigwira osapempha.

"Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Mawa ndikubwera kwanu."

Umo ndi m'mene zinayambira. Amayi a m'mudzimo anali Asilamu, ndipo utotowo unali ndi nthawi yake. Munthu asanaswali, ndiye kuti asanapemphere, amayenera kusamba m'manja ndi m'mapazi, madzi afike paliponse, koma utoto umatchinga madzi pachikhadabo. Choncho ankabwera masiku okhawo amene anali kumwezi, pamene sankaswali, ndipo masikuwo akatha ankabweranso kudzafufutitsa. Mayi aliyense maulendo awiri pamwezi. Ankabwera ndi mtedza, chinangwa, nthawi zina dzira, koma Rosalina akanawapaka ngakhale ulele. Chitseko chikatsekedwa, mipango inkavulidwa, miseche inkayamba, ndipo kwa ola limodzi iye ankakhala munthu wokhala ndi anzake.

Timabotolo ta ku Cuamba titatha, anayamba kugula tina topanda dzina kwa ogulitsa a pamsika. Utoto wake unkauma msanga m'botolo. Amidu, wokonza njinga pa siteji, anamuthandiza nzeru pomupatsa thina, madzi onunkha aja osungunulira penti. Madontho awiri m'botolo, utoto unkadzuka. Kansanza konyowetsa m'thina kankafufutanso zikhadabo mwachangu. Rosalina anayamika kwambiri, nayamba kusunga botolo la thina kumutu kwa mphasa yake.

Mwezi wotsatira Mwanamvua sanabwere. Winawo sanabwerenso.

"Musamudikire," anatero Awa akuseka. "Ameneyo akuswali tsiku lililonse tsopano, osadumphitsa. Mwamva?"

Rosalina anamva. Mnzake anali woyembekezera. Anakondwera, koma atatsala yekha anawerenga miyezi pa zala zake, mtima unamuwawa. Amayi enawo ankabwera kudzapakitsa utoto. Mwanamvua yekha ndi amene ankafunsa kuti ku Cuamba kumagwa mvula yotani, ndiponso kuti Eduardo anali wamtali bwanji.

M'miyezi imeneyo thupi la Rosalina linayamba kudandaula. Mutu unkamupweteka ngati wasenza mtolo wa nkhuni tsiku lonse. Zikope zinatupa ndi kufiira, pakhosi panatuluka totupa toyabwa, ndipo chifuwa chouma sichinkamusiya. Zala zinang'ambikang'ambika. Zikhadabo zake zinayamba kuchita chikasu ndi kubenthuka, iye n'kumazikwirira ndi utoto wina kuti alendo ake asaone.

"Achemwali, kulira kumeneku muchepetse," anatero Awa ataona maso akewo. "Mwamuna wanu Mulungu akudziwa kumene ali. Inshallah mudzamva."

Rosalina sanatsutse. Sikuti ankalira kwambiri chotero, misozi inali itamuthera kalekale. Koma Awa ponena mawuwo anamusisita pamsana, ndipo munthu wanjala safunsa kuti chakudya chaphikidwa ndi nkhuni zanji.

Tsiku lolandira ufa anagwa pamzere, dzuwa lili paliwombo. Anatsitsimukira pa benchi ya kachipatala ka othawa nkhondo. Womuyang'anira anali a Ambrose, bambo wa imvi wochokera kunyanja, amene aliyense ankangowatchula kuti adokotala. Anamuyeza malungo, sanapeze kanthu. Kenaka anaweramira pafupi nanunkhiza chitenje chake.

"Mayi, kodi mumapenta njinga?"

"Ayi, bambo. Zikhadabo."

A Ambrose anamugwira dzanja, nalitembenuza, nayang'ana zala zong'ambikazo. Anafunsa za timabotolo, za thina, za kanyumba. Atamva kuti kalibe zenera ndipo amagona momwemo, anavula magalasi awo.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero. "Utoto umenewu sitikudziwa kuti anasakaniza zotani. Mukakanda chikope ndi zala zopaka, khungu limapsa, n'chifukwa chake maso atupa. Nanga thina? Ameneyo opaka penti amamutsegulira panja, pamphepo. Inu mukumupuma m'nyumba yotseka, usana ndi usiku. Mutu, chizungulire, chifuwa, zonsezi kwawo n'kumodzi."

"Mundipatse mapiritsi."

"Mapiritsi ndikupatsani, koma sachiza zimenezi. Mankhwala ake n'kusiya. Ngati simungathe kusiya, tayani thina ndipo tsegulani chitseko."

"Ndikatsegula sabwera."

"Sabwera ndani?"

Rosalina anafunafuna mawu a Chichewa, napeza limodzi lokha. "Anthu."

A Ambrose anamupatsa mapiritsi, kenaka anaitana wodwala wotsatira. Panja panali mzere wautali wa ana otsegula m'mimba.

Tisanamizane, Rosalina anamva zonse bwinobwino. Koma anafika kunyumba nabisa mapiritsi m'denga, osauza munthu. Lachitatu Awa atabwera, anatseka chitseko monga kale. Sabata yotsatira anatsekeranso ena awiri. Ankadziuza kuti iwo amapuma fungolo ola limodzi lokha, wodwala ndi iye, ndipo thupi ndi lake. Pakati pa mutu wopweteka ndi nyumba ya zii, anasankha mutu. Amene sanakhalepo sabata yathunthu osamva dzina lake likutchulidwa asafulumire kumuweruza.

Patapita miyezi iwiri, masana ena kunja kukutentha, anamva mawu amene anawadikira miyezi yonseyi.

"Odi kuno! Kodi mlendo wa kalumo uja akadali moyo?"

Rosalina anadzuka mothamanga mpaka kugunda mtondo. Pakhomo panaima Mwanamvua, ataonda pang'ono, kumbuyo atabereka kamwana. Anakumbatirana, onse akuyankhula nthawi imodzi, wina Chiyao wina Chimakua.

"Dzina lake Rahma," anatero Mwanamvua akumasula mbereko. "Sabata zitatu lero. Tamunyamulani, mayi ake aang'ono."

Rosalina analandira mwanayo. Anali wopepuka ngati mtolo wa thonje, ndipo kachifuwa kake kankakwera ndi kutsika mofulumira.

"Tsono tamverani," anapitiriza Mwanamvua, akulowa ndi kukhala pamphasa. "Wobereka saswali masiku makumi anayi. Anditsalira pafupifupi makumi awiri. Ndikufuna manja ndi mapazi omwe, wofiira weniweni. Bambo ake a Rahma anakwatira wachiwiri ine ndili ndi mimba, kamtsikana ka ku Chiponde. Mawa ndi tsiku langa. Akalowa m'nyumba aone kuti nyumba yaikulu sinagwe." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Tsekani chitseko."

Rosalina anaima pakhomo, mwana ali m'manja. Anayang'ana musi, nayang'ana botolo la thina kumutu kwa mphasa. Rahma anayetsemula kamodzi, nakwinya kankhope.

"Sinditseka," anatero motsitsa.

"Mwati bwanji?"

"Mwana. Fungo ndi loipa kwa mwana. Tiyeni panja, pakhonde."

"Pakhonde? Ine miyendo pamtunda, mutu wosavala, amuna akupita ku swala ya masana? Mukufuna dzina langa likafike kumzikiti ine ndisanafike kwathu?"

"Ndiye mukamusiye kunyumba. Mubwere nokha."

"Ndimusiyire ndani? Kamtsikana ka ku Chiponde?" Mwanamvua anawomba m'manja. "Achemwali, fungo limeneli takhala tikulipuma chaka ndi chaka. Wafa ndani?"

Apa Rosalina akananama. Akanati utoto watha, abwere sabata yamawa. Mawuwo anali kale pa lilime. Koma Mwanamvua anali munthu yekhayo m'dziko lino amene ankadziwa kutalika kwa Eduardo, ndipo kumunamiza kunamukanika.

"Taonani maso anga," anatero. "Si kulira ayi. Ndi utoto ndi thina. Adokotala anandiuza. Mutu, chifuwa, kugwa pamzere kuja, zonse." Anakanda chikhadabo cha chala chachikulu ndi dzino, utoto unasendeka. Pansi pake panali chikhadabo chachikasu, chobenthuka, chofutuka pa mnofu.

Mwanamvua anayang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Anakuuzani liti?"

"Miyezi iwiri yapita."

"Miyezi iwiri. Ndipo Awa anali muno Lachitatu lapitali, chitseko chotseka."

Rosalina anangowerama.

"Wallahi, achemwali." Mwanamvua anaimirira nayamba kumanga mpango wake. "Ife kukudyetsani mtedza wathu, kukuuzani za m'nyumba zathu, inu n'kumatitsekera mu utsi mukudziwa?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa chiyani?"

"Kuti simubweranso."

Mwanamvua anamuyandikira. Anatenga mwana wake m'manja mwa Rosalina, mosamala, osakwatula, namubereka. Pakhomo anaima pang'ono ngati wayiwala chinthu, kenaka anatuluka zikhadabo zake zili zoyera monga anabwerera.

Nkhani m'mudzi siyenda ndi miyendo. Pofika mawa lake pachitsime aliyense anali atamva. Awa anabwera kamodzi, naima panja, napempha kuti amufufute utoto wa Lachitatu uja pakhonde pomwepo, atafunda mpango mpaka m'maso. Atatha anati zikomo napita. Enawo sanabwere n'komwe.

Rosalina anabweza botolo la thina kwa Amidu. Timabotolo tonse anataya m'chimbudzi, kamodzikamodzi, ndipo m'chitini chija anayamba kusungiramo mchere. Musi anaubwezera mumtondo. Chitseko chinayamba kukhala chotsegula kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

A Ambrose sananame. Patatha sabata zitatu mutu unaleka. Zikope zinaphwa, totupa tinauma, ndipo m'munsi mwa zikhadabo munayamba kumera zatsopano zoyera. Mphuno nazo zinatseguka, moti anayambanso kumva fungo la ndiwo zimene zinkaphikidwa m'nyumba za anthu ena. Thupi linachira ndithu. Koma panalibe womuuza kuti mwachira.

Tsiku la sikelo ya ana, mvula yoyamba itagwa, amayi anadutsa m'njira muja atabereka ana awo. Rosalina anali pakhonde akusankha nandolo. Mwanamvua anali pakati pawo. Sanaime. Anangoti, "Mwaswera, achemwali," maso ali kutsogolo, monga m'mene munthu amalonjerera aliyense wa m'mbali mwa njira.

"Ndaswera," anayankha Rosalina, mawu ake ali osasa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Kumbuyo kwa mayi ake, Rahma anali atanenepa, masaya ali phwii, akupuma bwinobwino. Anatembenuza kamutu nayang'ana mayi wa pakhondeyo, ndipo anapitiriza kumuyang'ana mpaka njira inakhota pa mtengo wa mango. Rosalina anaona zonsezo bwinobwino, pakuti maso ake tsopano ankaona patali. Kenaka anabwerera ku nandolo zake, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwake.