Mabowo Anayi a Ba Norbert

Mlamu wanga, Ba Norbert, anamuzunza Seif, wogulitsa malaputopu m'tauni. Ati akufuna yopepuka, yoti aziyenda nayo pa minibasi phewa osawawa. Ati batire likhale losatha msanga, poti malaiti a ku Kabwata amabwera ngati alendo. Koma chimene anakakamira kwambiri ndi mabowo olowetsapo zingwe. Ya mabowo awiri anaikana. Ya atatu anaiyang'ana ngati yawatukwana. Seif atawapezera ya mabowo anayi, tinatopa nayo, ngakhale kutchalitchi ankapita nayo.

Kenako azakhali athu anamwalira ku Chelstone. Tsiku lomwelo Ba Norbert anali ndi lipoti loti atumize kwa abwana awo ku Woodlands ofesi isanatsekedwe, apo ayi kontrakiti yawo ithere pomwepo. Kumaliro a kuchikazi sungajombe, ndiye anabwera nayo laputopuyo, nakhala kuseri kwa tenti ya azibambo n'kumalemba. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, koma iwo analibe nkhawa. Si batire lija ankati limafika ku Chipata lisanathe?

Amene anaona mabowowo ndi bambo anga, Ba Ng'andu. Foni yawo inali itazima, pamene abale ochokera ku Kasama anali panjira osaidziwa nyumba. Mkamwini angawakanize bwanji apongozi ake pamaliro? Ba Norbert anagwada, nalandira foniyo ndi manja awiri, n'kuilumikiza ku laputopu kuti itchaje.

Basi, mbiri inawanda. Amalume anabweretsa yawo, abusa yawonso, azimayi a kwaya anatumiza awo atawakulunga m'chitenje. Mabowo onse anayi anadzaza, mafoni ena ali pamzere pampando. Ba Norbert ankangoti zikomo kwa aliyense, thukuta lili kamukamu, maso ali pa kachizindikiro ka batire. Ndinawamvera chisoni, koma ndisaname, ndinasekanso.

Laputopu inazima lipoti lili pakati. Kontrakiti inapita nalo.

Titaika maliro, bambo anawaitana Ba Norbert pamaso pa banja lonse kuti awathokoze. Anati ukwati wa mwana wawo sunawagwiritse mwala, mkamwini wotere ndi wosowa.

"Makina anu ndi abwino, apongozi," anatero bambo. "Koma mukamadzagula ena, mudzasankhe a mabowo ambiriko. Anthu anadikira nthawi yaitali."

Ba Norbert anawomba m'manja mwaulemu.

"Ndamva, atate."