Amene Analawa Mkaka wa Fedeleshoni

Njala ya chaka chimenecho sinabwele mozemba. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, anthu anakolola zitsononkho, ndipo pofika Febuluwale wotsatila nkhokwe za m'midzi ya pakati pa Nyimba ndi Petauke zinali bwalo la makoswe, nawonso oonda nthiti. Pa sukulu ya Kasenjele, mphunzitsi wamkulu Vitalis Daka ankawelenga ana m'mawa uliwonse ngati mwini nkhuku pa nthawi ya chitopa. Kale anali makumi asanu ndi limodzi. Tsopano ankabwela osakwana makumi awili, ndipo amenewo ankawodzela dzuwa lisanafike pamutu.

Chomuwawa a Daka chinali chakuti chakudya chinalipo. M'kachipinda ka kuseli kwa ofesi munali zitini zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi za mkaka wa ufa, zimene lole ya ku mishoni inatula mu Ogasiti. Koma mphekesela inafika lole isanazimitse injini. Akuti azungu a boma la Fedeleshoni athilamo mankhwala oumitsa mbeu, kuti anthu akuda aleke kubeleka, dziko litsale la iwo ndi agalu awo. Mwini nkhaniyi anali Gideon Sakala, amene analondapo sitolo ku Kitwe zaka ziwili, ndipo chibwelele sankalola munthu wina kudziwa kanthu kuposa iye. Makolo analamula kuti mwana asakhudze mkakawo. Zitini zinakhala pamenepo miyezi isanu ndi umodzi ngati alendo osalandilidwa.

Lachiwili lina Consolata, mwana wa a Sakala omwewo, mtsikana amene ankamaliza samu mphunzitsi akadali kufufuta bolodi, anagwa pa mzele nyimbo ya m'mawa ili pakati. A Daka anamunyamula n'kumugoneka pa benchi. Sanafunse munthu. Anasungunula mkaka m'kapu ya malata, mtsikanayo anamwa mpaka kunyambita m'mphepete.

M'mawa mwake bwalo la sukulu linadzaza, koma osati ndi ana.

"Aphunzitsi, tulukani!" anatelo a Sakala, ndodo ili m'manja. "Mwana wanga ndinamubweletsa kuno kuti aphunzile kulemba, osati kuti mumutseke mimba."

"Awisi Consolata, mwana wanu anakomoka. Masiku awili anali atadya madeya okha."

"Madeya ndi athu, timawadziwa. Zitini zimenezo zilowe m'chimbudzi lelo lomwe, ife tikuona. Mukakana, tidziwa amene amakulipilani."

Kumbuyo wina anafuula kuti, "Kapilikoni!" Limeneli linali dzina la munthu wakuda wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo likakumatilila silinkachoka ndi sopo.

A Daka anaganiza kuti ali ndi nzelu. Kumeneko, mayi akafulula mowa amayamba ndi iye kumwa anthu akuona, kuti onse adziwe kuti mulibe choipa. Anatuma amai Perpetua, amene ankaphikila ana ogonela pa sukulu, kuti abweletse kapu ndi madzi. Anasakaniza mkaka bwinobwino, nakweza kapu m'mwamba ngati wansembe.

"Ndiyamba ndine. Yang'anani."

A Sakala anaseka mpaka kutsamila ndodo.

"Imwani, bambo, imwani chitini chonse! Inu muopa chiyani? Zaka zisanu ndi zinayi muli pabanja, pakhomo panu pamalila mphaka yekha. Wolawa azikhala munthu amene ali ndi chotaya. Mwina munayamba kale kumwa ku koleji!"

Bwalo lonse linaphulika. Amai Virginia, akazi a a Daka, anali ataima pafupi ndi nyumba yawo ndi ndowa pamutu. Anaitula pang'onopang'ono, analowa, natseka chitseko. A Daka anamva kutsekako kuposa kuseka konse. Anamwabe mkakawo, poti kapu inali kale pakamwa, koma unatsika ngati phulusa.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene a Daka ankadziwa. Kuyambila mu Ogasiti ankasiya dala kiyi wa kachipinda kaja pa msomali. Ankaona kaufa koyela pa mfundo ya chitenje cha amai Perpetua, ankaonanso kuti ana a mayiyo ndi okhawo m'mudzi amene akadali ndi masaya. Sananene kanthu, chifukwa imeneyo inali njila yokhayo imene mkaka unkafikila m'mimba ya munthu. Tsopano anayang'ana amai Perpetua. Liwu limodzi lokha likanapulumutsa zitini, koma liwulo linali lakuti mbala, ndipo apongozi a mayiyo anali pomwepo pa mzele wakutsogolo. Amai Perpetua anali kuyang'ana kumwamba ngati ayembekeza mvula. A Daka anatseka pakamwa napeleka kiyi.

Amuna anayi analowa. Anatulutsa chitini choyamba akubuula, chachiwili chimodzimodzi. Pa chachitatu, mmodzi wa iwo, Stanislaus Miti, anakunga mphamvu zonse ngati anyamula mwala, chitini chinauluka, iye n'kukhala pansi ndi matako. Chivundikilo chinagubuduka. M'kati munali mbee, ngakhale nyelele ikanatuluka ndi njala.

Kuseka kunatha.

"Mwaona?" anatelo a Sakala, mawu ali pansi. "Chitini chathunthu. Wakhala akuwamwetsa mobisa ana athu. Si Consolata yekha. Onse!"

Amayi anayamba kulila maina a ana awo. Mwala woyamba unagunda chitseko cha ofesi, wachiwili unadutsa pafupi ndi khutu la a Daka. Iwo anaima chilili, kapu ikadali m'manja, akudabwa kuti munthu angafe chifukwa cha mkaka.

"Asiyeni aphunzitsi, inu! Ndinadya ndine."

Anali amai Perpetua. Anabwela pakati akupukuta manja.

"Ine, amuna anga, ana anga asanu ndi awili, ndi apongozi anga awo akuyang'ana zala za kumapazi. Amati phala langa likoma masiku ano. Mumayesa likoma ndi mapemphelo, amama?"

Kenaka anamasula chitenje chapamwamba chimene ankadzikulunga nacho ngakhale kutentha, nachiponya pa phewa. Mimba inaonekela, yozungulila ngati dzungu la pa chulu.

"Mkaka ndinayamba mu Ogasiti. Uyu ndi wa Okutobala. Awisi Consolata, inu munakhala ku Kitwe, tiwelengeleni miyezi. Ngati azungu anathilamo mankhwala, amene anawagulitsa mankhwalawo anawapusitsa."

Mayi wina wachikulile anapita kukagwila mimbayo ndi manja awili, kuopa kuti mwina ndi nsanza. Inamukankha. Anabwelela akugwedeza mutu.

A Daka anapeza mawu. "Ndinawaloleza ndine kuti azitenga."

"Bodza," anatelo amai Perpetua. "Ndinaba. Musandilande nzelu zanga pa anthu."

A Sakala anaona kuti bwalo lawathawa, ndipo munthu wotele sabwelela chimanjamanja. "Chabwino. Ndiye pa sukulu pali mbala. Ichoke lelo."

"Ikachoka, alawe ndani?" anafunsa a Daka. "Mwanena nokha kuti ine sindiwelengedwa. Kapena mulawe inu?"

A Daka sanawapatse mpata woyankha. Ananena zonse ataima pomwepo. M'mawa uliwonse amai Perpetua azimwa kapu yoyamba pakhomo pa sukulu, aliyense wofuna kuona abwele. Kenaka ana azimwa asanalowe m'kalasi. Lachisanu mwana aliyense azibwela ndi kachitini kopanda kanthu, atengele ang'ono ake otsala kunyumba. Amene safuna, palibe womukakamiza, ndipo dzina la munthu sililembedwa paliponse.

"Fedeleshoni ndi yoipa ndithu," anatelo a Sakala, kuti asachoke opanda mawu.

A Daka anati, "Ndi yoipa, sindinakane. Koma ng'ombe imene inakamidwa sinafunsidwe, monga ifeyo."

Palibe anapepesa. Amene anaponya miyala anangopukuta manja m'makabudula. Zitini ziwili zija anazisiya padzuwa, a Daka anazikoka okha kubwezela m'kachipinda. Pobalalika, mayi wina anafuula ali kutali kuti, "Aphunzitsi, inu muzimwa makapu awili, mwina zingachitike!" Anzake anaseka mpaka kumsewu. Amai Virginia sanatuluke tsiku lonselo, ndipo madzulo anangoika chakudya patebulo. Mphaka atalila pakhomo, onse awili anachita ngati sanamve.

Lachinayi kunabwela ana makumi atatu, ndi makolo khumi odzaonelela amai Perpetua akumwa. Iwo ankamwa mwaulemu ngati mkazi wa bwanamkubwa, chala chaching'ono chili m'mwamba, n'kupempha kuti awonjezeleko poti olawa ndi awili. Consolata sanabwele. A Daka anayang'ana njila ya kwa Sakala mpaka belu lachiwili.

Lachisanu Consolata anatulukila, mochedwa, atanyamula tizitini tiwili.

"Kamodzi n'ka ang'ono ako," anatelo a Daka. "Nanga aka?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Atata akuti n'ka galu. Akuti afuna aone kaye ngati galuyo adzabeleka."

A Daka anadzaza tonse tiwili mpaka pakamwa, natsindila ndi supuni. Mudzi wonse unkadziwa kuti kwa Sakala kulibe galu. Bamboyo sanawapatsenso moni a Daka mpaka chimanga chinacha, koma kachitini ka galu sikanaphonye Lachisanu ngakhale limodzi.