Nyama ya Pakhonde

Ndinali kuphika tiyi wamkaka pamene madzi ofiira anayamba kutuluka pansi pa chitseko cha kukhonde. Ndinawayang'ana, n'kuyang'ananso pazenera. Mumzinda wa Ulaanbaatar monse kunali kuzizira koti malovu amauma asanafike pansi. Nanga madziwa akuchokera kuti?

Nditatsegula, mtima unangoti myuu. Nyama yonse imene achimwene anga a Dorjsuren anatitumizira kuchokera kumudzi, ng'ombe yathunthu ndi nkhosa, inali itafewa. Chibadwire changa nyama ya nyengo yozizira timaiunjika pakhonde, imauma gwa, n'kumadulako pang'onopang'ono mpaka chipale chofewa chitasungunuka. Mayi ankatero, inenso ndinangotero, osaganiza n'komwe.

"Ganaa! Tabwera udzaone!"

Mwamuna wanga Ganzorig anatulukira ali ndi kabudula yekha, thukuta lili kamukamu. Iyeyu amagwira ntchito kusiteshoni ya malasha, imene imapanga magetsi n'kutumiza madzi otentha m'mapaipi a nyumba za mumzinda. Anadina ntchafu ya ng'ombe, chala n'kulowa.

"Ehee," anatero. "Jekete lako lija layamba kugwira ntchito."

Jekete limenelo inalidi nkhani yanga. Nyengo yotentha yonse ndinagogoda khomo ndi khomo m'nyumba yathu yansanjikayi, kunyengerera anthu kuti tilole amisiri akute makoma ndi siponji yochindikala, aikenso mazenera atsopano. Ganzorig ankakana. Amvekere, kutentha kulipo kokwanira, amapanga ndi iwo kusiteshoniko. Ukazizidwa vala juzi, ukatenthedwa tsegula zenera. Ine ndinkamuyankha kuti iye ndi anzakewo amangowotcha malasha kufunditsa akhwangwala. Ndinapambana, ndipo ndinadzitama nazo pamaso pake mpaka anatopa. Amisiri anakuta nyumba yonse, khonde lomwe analitseka ndi magalasi awiriawiri. Koma mapaipi anasiya akale omwe aja, opanda potsekera, ndipo siteshoni imatumizabe moto ngati kuti makoma akadali obooka. Khonde langa linali litasanduka chipinda.

Ndinakankha zenera latsopanolo. Limangotseguka pamwamba pokha, kampata kolowa dzanja basi. Firiji yathu ndi yoti kungoikamo mutu wa nkhosa wokha, yadzaza.

Ndinathamangira kwa a Tsetsegmaa, mayi wachikulire wapansi pathu.

"Achemwali, m'firiji mwanu muli malo?"

"Malo? Tapita ukaone m'bafamo." M'bafa mwawo munali nthiti zokhazokha, zowaza mchere. "Si iwe unkatigogodera uja? Unkati tizigona opanda masokosi. Tagonadi. Ndiye bwera, tidye nkhosa yonseyi lero lomwe."

Ndinakwera, ndinatsika, ndinakweranso. Khomo lililonse nkhani yake yomweyo: ena akuwiritsa, ena akudula tizingwe toyanika, onse akundiyang'ana ndi diso lofiira. Ndinapsa mtima, koma womupsera panalibe. Nditabwerera kwathu ndinapeza foni ikulira.

"Oyuna, yafika bwino?" Anali achimwene, mphepo ikuwomba kumbuyo kwa mawu awo.

"Yafika, achimwene."

"Waizindikira? Ndi ng'ombe yanyanga yothyoka ija." Ndinaizindikira pomwepo. Chisanu cha chaka chatha chinawaphera ziweto pafupifupi zonse, ndipo pa ng'ombe zimene mayi anasiya inatsala imeneyi yokha. "Sikanapyola chisanu china. Ndati bola adye ana a mayi kusiyana ndi mimbulu. Koma msana wa nkhosa uja usaugwire, wamva? Ndasankha yonona kuposa zonse. Ndikubwera pa Mwezi Woyera, tidzauike patebulo la chikondwerero cha chaka chatsopano ngati kale."

"Ndamva."

Nditaika foni pansi ndinatsegula kabati ya zitsulo n'kutenga sikuludiraiva. Ganzorig anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti aseke, ndimugende nayo. Sanaseke. Anavala chikhoti pamwamba pa kabudula uja, n'kudzagwirira galasi pamene ine ndinkamasula. Sikulu imodzi inakanirira, ndinaitukwana mpaka inagonja. Tinanyamula zenera lija, limene ndinalimenyera nkhondo nyengo yonse, n'kuliyedzeka kuseri kwa sofa.

Chisanu chinalowa nthawi imodzi, m'mphuno n'kuuma. Sindinachikondepo ngati tsiku limenelo.

Tinayamba kupasula mulu uja. Ntchafu zinali bwino. Nthiti zinali bwino, ndinazinunkhiza imodziimodzi. Tikamayala chapazenera, pamwamba pake pamayamba kuchita mbuu, kuuma tikuona. Ganzorig anayamba kuimba kanyimbo, ine mtima unakana kukhala pansi, chifukwa ndinkadziwa chimene chinali pansi penipeni.

Msana wa nkhosa ndinauika poyambirira, nditaukulunga m'nsalu yoyera, pakona yabwino yotsamira khoma kuti pasakhale choukhudza. Kuseri kwa khoma limenelo ndi kumene kumadutsa paipi ya madzi otentha. Nsalu inali yofunda. Ndisanamalize kuimasula, fungo linatuluka, Ganzorig n'kutembenuza nkhope.

"Ndikagula wina kumsika," anatero chapansipansi. "Wonona kwambiri. Alamu sakadziwa."

"Munthu woti nkhosayi anaiona ikubadwa, asadziwe mchira wake?"

Ndinakhala pansi pakhonde lozizira bwino lija, msana uli pamiyendo panga, n'kumuuza kuti andipatsire foni ndiwaimbire achimwene.