Fosholo ya Asewere

Amuna anga a Manfred akati achita chinthu, musataye nthawi kuwaletsa. Mwana wathu Tisungane atatiuza kuti bambo ake a Mateo, mnyamata wofuna kumukwatira, akubwera kuchokera ku Uruguay kudzationa, iwo anati awaotchera nyama ya chikwawo, imene amaitcha asado. Zinamveka kuti mkuluyo, dzina lake Osvaldo, anali asanavomere ukwatiwo. Tisungane ankangoonda nazo.

A Manfred anazolowera kanyenya wa changu, wa moto walawilawi. Mateo anawaphunzitsa zina: nkhuni ziyakire pambali, makala okha ndiwo aziwatapa ndi fosholo n'kumawaika pansi pa waya, nthiti zigone mafupa ali pansi, mchere wamibulu basi, tsabola ayi. Akaweruka ku ntchito, a Manfred ankayeserera kuseri kwa nyumba yathu ku Clondalkin mpaka tinatopa nazo nthiti zopserera.

Tsikulo kunadzuka kamvula kaja ka Dublin kosadziwa kukata. Tinawakonzera a Osvaldo mpando wabwino pabalaza, koma anangothokoza n'kutuluka panja. Anakaima pafupi ndi moto, manja kumbuyo, akungoyang'ana. Nkhuni zinali zitanyowa, utsi uli tolo, nyama ikuzizira pa waya.

"Vera, waona?" a Manfred anandinong'oneza. "Akana mpando wanga. Abwera kudzandipanga inspect ngati manager."

Ine mtima unandiwawa poona Tisungane pazenera akudziluma zala. Ndinamukokera Mateo pambali n'kumufunsa chimene talakwa. Mnyamatayo anandiuza kuti kwawo mwamuna sakhudza moto wa mnzake ngakhale nyama ikupserera, pokhapokha mwini wake amupatse fosholo. Ndipo kumukhazika munthu m'nyumba ena ali pamoto kuli ngati kumuuza kuti si wapabanja.

Nditawafotokozera, a Manfred anatong'ola maso.

"Mlendo ndimugwiritse ntchito? Asewere enieni? Kwathu akamva adzati ndapenga."

"Kwanu kulibe amene akukwatiwa lero," ndinatero. "Mwana wanu ndi uyo ali pa window."

Anayang'ana mwanayo, nayang'ananso moto wawo wakufawo. Kenaka anapukuta chigwiriro cha fosholo ndi malaya awo, napita kwa a Osvaldo, nawerama pang'ono, n'kuipereka ndi manja awiri monga tiperekera chinthu kwa akulu.

Mkuluyo anavula jekete mvula ili mkati. Sanawalande malo a Manfred ayi. Iye ankatapa makala, a Manfred ankatembenuza nthiti, wina akagwira ambulera mnzake akupemerera moto. Chingerezi cha a Osvaldo chinali cha mawu owerengeka, koma tinkawamva akuseka mpaka kukhitchini.

Nyama itapsa, a Osvaldo anafuula mawu a chikwawo, ndipo Mateo anati tiwombere m'manja wootcha nyama. Tinawomba, a Manfred ali ndwii ndi manyazi, chonsecho mumtima akusangalala. Kenaka mkuluyo anadula nthuli yoyamba, yofewa ya pafupa, n'kutidutsa tonse akuluakulu. Anakaima pamaso pa Tisungane nanena liwu limodzi lalifupi.

"Akuti chiyani?" ndinamufunsa Mateo.

Mateo anandiyankha misozi ili lengelenge m'maso.

"Akuti, mwana wanga."