Mzere Wakuda Pamaso pa Amayi

Mlongo wanga ali chaka chachinayi kusukulu ya udokotala, koma ife tinayamba kumutchula Dokotala asanagwireko n'komwe jakisoni. Sukuluyo itakonza phwando losonkhetsa thandizo la ophunzira ndi la chipatala choyendayenda, anatipezera mipando iwiri, ine ndi amayi.

Amayi ankakana. Ndinawaumiriza pafoni mpaka anakwera basi. Anafika atavala diresi lawo lobiriwira la kolala yoyera, limene amavala pakakhala alendo olemekezeka, ndi masokosi aatali ngakhale kunkatentha. Ndinawaseka kuti akufuna kukasewera mpira. Titalowa muholo ndinawakokera kutebulo lakutsogolo, poti ine sindikonda kukhala kumbuyo ngati wobwera wosaitanidwa.

Titadya, anazimitsa magetsi. Mkulu wa sukulu anayamba kuonetsa pakhoma zithunzi zimene ophunzira anajambula poyeza anthu shuga m'makomo. Madokotala ali ndi kachitidwe kawo: amajambula kamzere kakuda pamaso pa wodwala, basi kwa iwo munthuyo wabisika. Anzeru onsewo palibe anaganizapo za zovala.

Chithunzi chachitatu chinali cha mayi atakhala pampando wapulasitiki, phazi lili m'beseni. Pachidendene panali bala lonyeka, lakuda m'mbali. Pamaso panali kamzere kaja, koma diresi linali lobiriwira, la kolala yoyera. Tsiku limene madokotala anabwera kwawo, amayi anatchena.

Mayi wina wa ndolo zazikulu patebulo pathu anayang'ana khoma, anayang'ana amayi, kenako anayamba kukonza foloko yake. Ndinafuna pansi patang'ambika.

“Mayi uyu amakhala yekha,” anatero mkuluyo. “Alibe womuyang'anira. Thandizo lanu ndi limene limatifikitsa kwa anthu otere.”

Anthu anawomba m'manja. Amayi anangopinda kansalu kopukutira pakamwa n'kukaika pamwendo.

Magetsi atayaka ndinamupeza Dokotala pakhonde, pafupi ndi khitchini. Iye ndiye anayamba kulankhula.

“Chithunzicho ndinapereka kuti chikhale cha m'kalasi, achemwali. Sindinadziwe kuti achiika pano.”

“Mayi ako wawagulitsa ngati kaunjika,” ndinatero. “Ndiye bodza lija? Alibe wowayang'anira? Ife tinafa?”

Ndinamulalatira mpaka operekera zakudya ankatilambalala ndi mathireyi awo. Sindinaone kuti amayi atitsatira. Anaima atagwira khoma, phazi lina atalipepula pang'ono, ndipo apo m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lonse akhala akutsimphina.

“Musiye mwanayo,” anatero.

“Amayi, wakuchititsani manyazi pagulu.”

“Manyazi andigwira, inde. Koma iyeyu amabwera Loweruka lililonse kudzanditsuka phazili.”

Ndinayamba kunena za ntchito, za ana, za mabasi ovuta. Ndinati pafoni amandiuza kuti ali bwino. Mawu anga ankandinyansa ndekha. Amayi anandisiya ndimalize, osakwiya, kenako anandifunsa motsitsa kuti operekera zakudya asamve.

“Iwe mwanawe, balali waliona liti?”

Ndinali nditaliona pakhoma, limodzi ndi alendo.