Bwalo la Kuseri kwa Folomu 2

A Fabiano anali mphunzitsi wa khama lotopetsa anzake. Atafika pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Nsaru, anapeza m'kalasi muli Achewa, Angoni angapo, Ayao awiri a pamsika ndi ana a matenanti ochokera kummwera, koma palibe amene ankadziwa za kwawo kwa mnzake. Zinawanyansa. Anati pakhale tsiku la zikhalidwe, mtundu uliwonse uvine gule wake, makolo adzaonerere.

Malo anasankha okha: kuseri kwa Folomu 2, pamene panali tchire ndi zitsa za bulugama. Sukuluyo inamangidwa pa esiteti ya fodya imene inatha kale, ndipo iwo sanadabwepo kuti bwanji ana sadutsa pamenepo ngakhale pothawa chibalo. Lachisanu anagwira anyamata ochedwa, ambiri a Folomu 1 ochokera midzi yakutali, n'kuwapatsa makasu. Anazula zitsa, anagumula timilu tadothi, mbale zosweka ndi makapu adzimbiri anakataya kudzala.

"Matenanti aja anali auve bwanji," anatero a Fabiano akusasa fumbi m'manja. Pofika madzulo bwalo linali see!

Ezeliya wa Folomu 2, yekhayo amene ankadziwa tchopa, gule wa Alomwe, tsikulo kunalibe, anaperekeza mayi ake kuchipatala ku Namitete. Lolemba a Fabiano anamutenga kuti akaone poimika ng'oma. Mtsikanayo anaima pangodya ya kalasi, osaponda.

"Tiye, ukuopa chiyani kodi?"

"Aphunzitsi, pano ine sindivina."

"Iwe, anzako onse avomera. Ukuchita manyazi ndi Chilomwe chako, eti?"

"Ayi. Pano pali mlongo wanga." Analankhula motsitsa mawu, maso ali pa dothi losalazidwalo. "Tinabadwa mapasa, ine ndi Bizwick. Iye anamwalira asanayambe kukwawa. Kumanda a m'mudzi anatikaniza poti tinali alendo, ndiye eni esiteti anapereka pakona pano. Ndi ana a matenanti okhaokha. Mbale zija zinali zizindikiro."

A Fabiano anachita mantha, mantha enieni, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

"Mayi ako akudziwa?"

"Ndikawauza bwanji? Amabwera chaka ndi chaka mvula isanagwe, kudzalambula."

Kusamutsa magule sikunavute. Ahedi anangoti, "Kavinireni ku bwalo la mpira," nkhani n'kutha. Koma timilu sitibwerera chifukwa ahedi alamula. A Fabiano anathamangira kudzala, anapeza zinyalala zatenthedwa kale, zidutswa za mbale zakuda bii, zonse zofanana. Kuyambira pamenepo, akamaphunzitsa Folomu 2 ankaima chofulatira windo. Mphepo ikadzutsa kafumbi pabwalopo, choko chinkawaterereka m'manja. Kangapo anatenga njinga kuti akawauze mayiwo, koma ankakathera pamsika n'kubwerera.

Tsiku lija linafika. Ku bwalo la mpira kunali chimtali, kunali ingoma, anthu waa. Mayi ake a Ezeliya, a Faness, anabwera atavala chitenje chatsopano, poti anapemphedwa kudzatsogolera nyimbo za tchopa. Nthawi yawo isanakwane, a Fabiano anawaona akupatuka mwakachetechete kulowera kuseri kwa Folomu 2, kakhasu kakang'ono kali m'manja. Anawatsatira.

Mayiwo anavula masilipasi m'mphepete mwa bwalo. Anayenda kupita pamene panali chitsa chachikulu, koma chitsacho panalibe. Anabwerera, anayambira pangodya ya kalasi, anapita chakumanja, anaima. Anagwada n'kusisita dothi ndi chikhatho, anasendera patsogolo pang'ono, anasisitanso. Ng'oma zinali kumveka kutsidya, ana akufuula dzina la Ezeliya.

Atamva mtswatswa anatembenuka. Sanakalipe ayi, akanakalipa bwenzi zili bwino. Anawomba m'manja mwaulemu, akadali chigwadire.

"Pepani aphunzitsi, ndakusokonezani pa tsiku lanu. Panali kambale koyera apa, ka maluwa m'mphepete. Mwina inu munaona pamene kanali?"

A Fabiano anayang'ana bwalo lonse, kuchokera pakhoma mpaka kutchire. Paliponse panali posalala mofanana.